Ndinawauza Kuti Sitima Ikubwera

1

Ku Toton, pakati pa Nottingham ndi Derby, kuli malo odyera a mazenera akuluakulu oyang'ana ku bwalo la njanji zakale. Mazenerawo anawaika dala, kuti anthu azidzadya akuona sitima zaliwiro zikulowa m'siteshoni yatsopano. Siteshoniyo sinamangidwe. Lero ukasuzumira umangoona udzu, mpanda wa waya ndi mabogi angapo adzimbiri. Pakhomo pali chikwangwani cha ogulitsa nyumba.

Malowo anali a mwana wanga Nicole ndi mwamuna wake Haris. Amene anawatumiza kumeneko ndine.

Dzina langa ndine Maclean Chingwalu. Ndinabwera ku Leicester mu 1991 kudzaphunzira, ndipo sindinabwererenso kumudzi. Kwa zaka zoposa makumi awiri ntchito yanga inali yowerengera maulendo. Boma likafuna kumanga msewu kapena njanji, kampani yathu inkalemba malipoti onena kuti padzadutsa anthu angati, ndi makampani ati amene adzasamukire pafupi, ndi malo ati amene adzayambe kulimbiranidwa. Sindine wolankhulalankhula. Malemu mkazi wanga Elizabeth ankandiseka kuti ndikafuna kunena kuti ndamusowa, ndimamufunsa ngati basi inachedwa.

Elizabeth anamwalira mu Febuluwale 2019. M'nyumba yathu ku Evington tinatsalamo awiri. Nicole akaweruka ku famase komwe ankagwira ntchito tinkadya limodzi, ine ndikulankhula Chichewa, iye akuyankha m'Chingelezi ngati ana onse obadwira kuno. Mayi ake sitinkawatchula. Ndinkadziuza kuti ndikumuteteza.

2

Haris ndi mwana wa a Siraj, Amwenye a ku Limbe amene anasamukira kuno m'zaka za m'ma 1970. Banja lawo linali ndi bekale ku Highfields, m'nyumba yanjerwa zofiira ya pakona. Pansi ankaphika samusa ndi mabisiketi operekera m'mashopu a Leicester yense, pamwamba ndi pomwe Haris anakulira. Ukwati unachitika nthawi ya mliri wa Covid, tilipo anthu khumi ndi asanu basi. Tsiku lomwelo a Siraj anayamba kunditcha asewere. Chichewa chawo chinali chakale, cha ku Limbe, chokhala ndi mawu ena amene ndinawamva komaliza kwa bambo anga.

A Siraj anali ndi nkhani imodzi imene ankaifotokoza paliponse. Agogo awo, a Valli, anamanga sitolo ku Balaka njanji isanafike, pamalo patchire. Anthu anawaseka. Iwo anayamba kugulitsa mchere, sopo ndi nsalu kwa anthu oyala njanji, ndipo pomwe sitima yoyamba inkalira, aliyense ankadziwa kale khomo lawo. A Siraj ankati banja lawo lonse linachokera pa nzeru imeneyo: osadikira okwera sitima, koma kupita msanga kukadyetsa omanga.

Choncho nkhani ya njanji ya sitima zaliwiro, imene kuno amaitcha HS2, ankaitsatira ngati mpira. Haris ankafuna kutsegula malo odyera okhala ndi chipinda cha misonkhano, ndipo panali malo awiri. Ena anali ku London, pafupi ndi Old Oak Common, komwe msuweni wake anapeza nyumba ndipo makina omangira anali ataimikidwa kale. Ena anali ku Toton, komwe boma linalonjeza siteshoni yaikulu ya chigawo chathu. Kuti agule alionse, panafunika kugulitsa nyumba ya ku Highfields. A Siraj anali atakwana zaka makumi asanu ndi awiri, maondo atatha. Anavomera.

Nthawi imeneyo Nicole ndi Haris ankakhala pamwamba pa bekale, mphindi khumi kuchokera kwathu. Nicole ankabwera Lachiwiri ndi Lamlungu lililonse. Lachiwiri lina tikudya anati, "Dad, zikuoneka kuti tipita ku London."

Ndinamufunsa ngati kumeneko kuli poimika galimoto. Atapita ndinatsuka mbale, kenaka ndinazindikira kuti ndikuzitsukanso kachiwiri.

3

Loweruka lina masana, mu Juni 2021, a Siraj anafika kwathu ndi Haris, atanyamula katoni ya samusa zotentha.

Muyenera kudziwa momwe banja limeneli limachitira pa nkhani zazikulu. Mapepala amasayina, koma sawakhulupirira. Amafuna munthu amene ali m'kati mwa nkhaniyo, wamkulu wa banja n'kupita yekha kukamugwira dzanja ndi kumufunsa kamodzi. Zimene wayankhazo ndi zomwezo. Agogo awo anachita chomwecho ku Balaka: anafunsa kapitawo wa oyala njanji.

Loya wawo anali atawalangiza kuti adikire kaye mpaka boma lilengeze dongosolo lake, chifukwa m'manyuzipepala munali mphekesera. A Siraj anandifotokozera zimenezi akuseka. Anati loya amangowerenga nyuzipepala, pomwe asewere awo ndi amene amalemba zomwe atolankhani amadzawerenga pambuyo pake.

Tinakhala pabalaza, m'munsi mwa chithunzi cha Elizabeth. Tinakambirana za maondo awo, za dimba langa, za mtengo wa mafuta ophikira. Kenaka anasendeza mpando n'kundigwira dzanja ndi manja onse awiri.

"Asewere, ine mapu sindiwamva. Nyumba ija ndi chokhacho chomwe ndingamusiyire mnyamatayu. Ndikufunsani kamodzi. Ku Toton sitima ikubwera?"

"Ikubwera," ndinatero.

"Basi."

Haris anatsegula pakamwa kuti afunse kanthu, koma bambo ake anangokweza chikhato. Wamkulu akayankha safunsidwanso. Ine ndinadzuka kukatenga mapu ndi malipoti, n'kuwayala patebulo. Ndinawaonetsa momwe m'maiko ena maofesi amasamukira pafupi ndi siteshoni yatsopano, momwe mahotela amatsatira, momwe amene anafika msanga amapezera malo abwino. Ndinalankhula kwa ola limodzi ndi theka, ine amene sindilankhula. Zonse za pamapuwo zinali zoona.

Potsanzikana a Siraj anapukuta manja awo pa thalauza n'kundiseka. "Dzanja lanu thukuta bwanji, asewere? Kapena samusa zachuluka tsabola?"

4

Nyumba ya ku Highfields inagulitsidwa mu Ogasiti. A Siraj anasamukira kwa mwana wawo wamkazi Kauser. Nicole ndi Haris anapeza lendi ku Long Eaton, pafupi ndi malo atsopanowo, ulendo wa mphindi makumi anayi pagalimoto kuchokera kwathu. Lamlungu Nicole ankabwerabe.

Pa 18 Novembala 2021 ndinali ku Toton, ndikugwirizira makwerero pomwe Haris ankamangirira magetsi kudenga. Foni yake inalira, kenaka inaliranso, kenaka yanga. Boma linali litalengeza kuti njanji yaliwiro yopita ku Leeds siimangidwa monga linalonjezera, ndipo sitimazo zikaima pa siteshoni ina kumwera. Haris anatsika pang'onopang'ono. Anakaima pazenera lalikulu lija nthawi yaitali, waya akadali m'manja.

Woyamba kundiimbira anali Nicole. Sanafunse za bizinesi. Anafunsa ngati ine ndili bwino, poti ntchito yanga ya zaka zambiri yapita pachabe. Madzulo ake a Siraj anaimbanso.

"Musadandaule, asewere. Boma ndi boma. Ngakhale inu lakunamizani."

Ndinawathokoza.

Malo odyerawo anatsegulidwabe chaka chotsatira, chifukwa kubwerera kunalibe. Omanga sanabwere. Kunkafika oyendetsa malole awiri atatu, ndi agogo ena achizungu okonda tiyi wa masala. Chipinda cha misonkhano chinkakhala chokhoma. Pa gulu la WhatsApp la banja lawo, msuweni uja, amene anatenga yekha malo a ku London, ankatumiza zithunzi za mzere wa anthu ovala majekete a olenji, akudikira chakudya cha masana mpaka kunja.

Amalume ake a Haris anayamba kulankhula. Ankati mnyamatayo anakwatira kunja kwa mtundu ndi chipembedzo chawo ndipo tsopano amayendera nzeru za apongozi. Nicole akamva ankapsa mtima. Ankati bambo ake sananamepo chibadwire, ndipo aliyense wofuna kuwanena ayambe wadutsa pa iye. Kangapo ndinapeza Nicole ndi Haris m'khitchini, zikuonekeratu kuti angomaliza kukangana. Kamodzi Nicole anagona kwathu masiku atatu. Ndiyenera kuvomera kuti masiku atatu amenewo ndinagona tulo tabwino.

Loweruka lililonse ndinkapita ku Toton n'kuitanitsa chakudya choposa chimene ndikanatha kudya. Ndinanyengerera bungwe lathu la Amalawi kuti misonkhano yathu izichitikira kumeneko. Anthu ankanditamanda kuti ndine mpongozi wabwino. M'chaka cha 2023 Nicole anandiuza kuti ndi woyembekezera.

5

Msonkhano wa Okotobala chaka chomwecho unachitika patangopita masiku ochepa boma litalengeza kuti ngakhale siteshoni ina ya kumwera ija sitima zaliwiro sizidzafikako. Kunabwera munthu amene sanabwerepo, Chiukepo. Anagwirapo ntchito pansi panga asanasamukire ku kampani ina ku Derby. Ndi munthu wansangala, wosadziwa kutsitsa mawu, ndipo sankadziwa kuti mwini malowo ndi mkamwini wanga.

Haris atabwera ndi thireyi ya tiyi, Chiukepo analoza pazenera.

"Akulu, malo ndi abwino, koma anakupusitsani ndani kuti mumange kuno? Ifetu Toton anatisitopitsa kalekale, mu Malichi 2021. Anangoti pakirani mafayilo, musauze munthu. Afunseni a Maclean awa, imelo inafikira kwa iwo."

Anthu ena anaseka. Haris anaika makapu patebulo, imodzi imodzi, osataya ngakhale dontho. Yanga anaiika pomaliza. Kenaka anabwerera kukhitchini.

Ndinamutsatira. Anali ataima pa sinki, madzi akutuluka, manja ali m'matumba.

"Malichi," anatero osandiyang'ana. "Bambo anabwera kwanu mu Juni."



Imelo imeneyo ndimaikumbukira mpaka lero. Sinanene kuti siteshoni yathetsedwa. Inangoti ntchito yonse ya Toton iime mpaka tidzauzidwenso, ndipo anthu a timu yanga apatsidwe ntchito zina. Koma munthu amene wagwira ntchito imeneyi zaka makumi awiri amadziwa tanthauzo la mawu otere. Ndinali nditaonapo maimelo atatu ofanana nayo, ndipo palibe polojekiti imene inadzukanso. N'zoona kuti tinaletsedwa kuulula. Koma ndikanatha kuwauza a Siraj kuti sindingathe kuyankha, amvere loya wawo, adikire miyezi ingapo. Pamenepo sindikanaphwanya lamulo lililonse.

Haris anatseka mpopi.

"Nicole sindimuuza ine. Wakhala akukumenyerani nkhondo zaka ziwiri, mpaka ukwati wathu unatsala pang'ono kutha. Mumuuze nokha, bambo anga ali pomwepo. Lamlungu lisadutse."

Linali Loweruka. Ndinabwerera patebulo n'kumaliza kuwerenga mfundo za msonkhano. Mawu anga sananjenjemere. Mpaka pano zimenezi zimandiopsa.

6

Lamlungu masana tinakumana kwa Kauser. Iye atatipatsa tiyi anatuluka n'kutseka chitseko. A Siraj anakhala pampando wawo, ndodo ili pakati pa miyendo. Nicole anali pa sofa, mimba ya miyezi isanu ndi iwiri, mapazi atawasanjika pa pilo. Anandimwetulira. Ankaganiza kuti ndabwera kudzanena kuti ndikupuma pantchito.

Ndinafotokoza monga ndimafotokozera lipoti: tsiku la imelo, zomwe inanena, zomwe ndinamvapo, tsiku lomwe anabwera kwathu. Sindinayang'ane aliyense.

Nditamaliza a Siraj anafunsa modekha. "Anakuletsani kulankhula?"

"Anandiletsa."

"Anakuuzani kuti muname?"

"Ayi."

Anagwedeza mutu ngati munthu amene wamva mtengo wa katundu ndipo sakufuna kunenerera.

Nicole anali atatsitsa mapazi pansi. Anafunsa m'Chingelezi ngati panali amene anandipatsa kanthu, ngati ndinali ndi gawo pa malo aja. Ndinakana. Anafunsa ngati ndinkadana ndi Haris, kapena ndi chipembedzo chake. Ndinakananso. Ndiye anafunsa kuti nanga chinali chiyani.

Ndinayang'ana tiyi wanga. Pamwamba pake panali patachita kakhungu. Ndinafunafuna mawu ena aliwonse, koma panalibe.

"London ndi kutali," ndinatero.

Kenaka mwana wanga anandiyankha m'Chichewa, kwa nthawi yoyamba chimwalirireni mayi ake, akutchula liwu lililonse mosamala ngati akuyenda pamiyala.

"Ola limodzi, adadi. Ola limodzi ndi mphindi khumi pa sitima. Ndinu amene munandiphunzitsa."

Anatenga foni yake n'kufufuza kanthawi. Anandipatsa. Chinali chithunzi cha chipinda chopanda katundu, cha makatani obiriwira, zenera lake likuyang'ana kukadimba kakang'ono.

Anabwerera ku Chingelezi. Anati imeneyo inali nyumba yomwe anaipeza ku London, Lachiwiri lija asanabwere kudzandiuza. Anakana nyumba zinayi chifukwa zinalibe chipinda chapansi. Anati chipindacho chinali changa. Haris ndiye anaumirira kuti pakhale dimba, poti ndimakonda kulima. Ankafuna kundipempha tsiku lomwelo kuti ndipite nawo, koma nditafunsa za poimika galimoto anaganiza kuti nkhaniyo sinandikhudze, ndipo anachita manyazi kuoneka ngati mwana wosatha kusiyana ndi bambo ake.

"Mukanangonena," anatero. "Mawu awiri okha."

A Siraj anadzuka movutikira, Haris akuwagwira mkono. Anaima patsogolo panga.

"Agogo anga ku Balaka anafunsa kapitawo wosavala nsapato, wosadziwa kulemba dzina lake. Sanawanamize. Nyumba sindikuilira. Koma zaka ziwiri ndakhala ndikukupepesani ine."

Anatembenukira kwa mwana wawo. "Haris, aperekeze a Chingwalu ku galimoto."

Chiyambire tsiku la ukwati anali asananditchulepo dzina limenelo.

7

Malo odyera anatsekedwa mu Januwale. Haris anapita ku London kukagwira ntchito m'khitchini ya msuweni wake, pamalo omwe akanakhala ake. Mwana anali atabadwa Khirisimasi itayandikira, wamkazi, dzina lake Sumera Elizabeth. Ndinamva kwa Kauser. Kwa a Siraj ndapitako kawiri. Ulendo uliwonse Kauser amandilandira bwino pakhomo n'kundiuza kuti bambo akupumula.

Patapita miyezi inayi foni yanga inalandira uthenga wochokera kwa Nicole. Munali keyala ya nyumba ya ku London, ndi mawu akuti Loweruka, 2 koloko.

Ndinakwera sitima wamba pa siteshoni ya Leicester, yomwe yakhala ikuyenda zaka zonsezi. Ndinayang'ana wotchi ponyamuka ndi pofika, monga mwa chizolowezi changa. Ola limodzi ndi mphindi zisanu ndi zitatu.

Nyumba yawo ndi ya chipinda chimodzi, pansanja yachitatu, yopanda dimba. Nicole anatsegula chitseko mwana ali paphewa. Anali ataonda. Tinaima pakhomopo, ndipo ndinamva funso likukwera kukhosi, loti kodi mabasi a kuno amasunga nthawi. Ndinalimeza.

"Ndinakusowa," ndinatero. "Amayi akonso ndimawasowa tsiku lililonse. Ndinkaopa nyumba ija."

Sanandikumbatire. Sananene kuti wandikhululukira, ndipo mpaka lero sananenepo. Anandiyang'ana kanthawi, kenaka anachotsa mwana paphewa n'kumuika m'manja mwanga.

"Mugwire mutu," anatero.

Tsopano ndimapita Loweruka loyamba la mwezi uliwonse. Ndimafika 2 koloko, 5 koloko ndimanyamuka. Haris amandipatsa moni, amandiikira chakudya, koma sakhala nane patebulo.

Inu amene mwawerenga mpaka pano, mwina mukudikira kuti ndinene kuti ndinachita zimenezi chifukwa cha chikondi. Ndayesa kudziuza chomwecho, koma sizikugwira. Munthu wokalamba anandigwira dzanja, ine n'kumulanda nyumba kuti ndisamadye ndekha Lamlungu. Ndakhala moyo wanga wonse ndikulembera makampani malangizo a komwe angasamukire, ndikuyeza mtunda mpaka pa mphindi, ndipo mtunda umene unandiopsa unali waufupi kuposa nthawi imene ndinataya ndikuyala mapu patebulo. Ngati m'nyumba mwanu muli wina amene akulongedza katundu ndipo inu mukuopa, muuzeni lero kuti mukuopa. Musamufunse za poimika galimoto. Mwina nayenso ali ndi chithunzi m'foni chomwe akudikira kukuonetsani.